Zikhomo Makumi Anayi M'munda wa Azakhali Felista

Kuphiri, kumpoto kwa Sweden
10 Seputembala 2023

Okondedwa Azakhali Felista,

Choyamba ndimve za moyo wanu kumeneko ku Chegutu, ndi bondo lija ngati linasiya kukangana nanu. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale kugogoda pakhomo. Kalatayi ndikulemba pamanja. Ndikatsikira kumene kuli netiweki ndiijambula pa foni, ndipo Mai Takudzwa a kutchalitchi akuonetsani. Ndimatsika kamodzi pa masabata awiri, choncho ndikakhala chete musathamangire kwa abusa.

Munafunsa kuti sukulu yanga yosathayi ndimaphunzira chiyani. Ndiyesenso. Ndimagwira ntchito pamwamba pa phiri, kumene mitengo inayesa kukwera n'kugonja. Kuli timaudzu ndi tizitsamba tolekeza m'kakolo. Miyezi isanu ndi itatu zonsezi zimakwiririka ndi chipale chofewa, madzi oundana oyoyoka ngati ufa, ofika m'chiuno, pena kupitirira mutu. Mungati pansi pake zonse zafa. Koma chipale chikangosungunuka, zomera zimadzuka ngati zadya kale. Funso langa ndi lakuti zadya chiyani, ndipo wophika ndani. Chakudyacho ndi nayitirojeni, yemweyo amene mumagula m'thumba la feteleza wa AN kuti chimanga chibiriwire. Kuno palibe amene amathira. Nthaka imadziphikira yokha itafunda.

Tsono pempho langa. Zoe, mwana wa a Thanthwe uja amene ndi nesi kuno, akubwera kutchuthi, ndipo ndamupatsira phukusi lanu. Muli timatumba ta tiyi makumi anayi tolembedwa manambala. Si takumwa, Azakhali. Ndibwereze, si takumwa. Anthu a ntchito yathu amakwirira tiyi yemweyu m'maiko ambiri, n'kudzamufukula kuti aone wawola bwanji. Ndikufuna kuona ngati mapesi angachitire munda wanu zimene chipale chimachitira phiri langa.

Chaka chino musawotche mapesi a kumtunda kwa munda. Ndikudziwa kuti ndikukulandani mbewa zanu, mundikhululukire. Muwayale pansi ngati mphasa. Kumunsi muwotche monga kale. Mukwirire timatumba makumi awiri kumtunda, makumi awiri kumunsi, kuya kwa chala chapakati, motalikirana masitepe asanu, ndipo pa kalikonse mukhome chikhomo cha nambala yake kuti tisadzasowe. Mukatha muime pa chikhomo choyamba, Mai Takudzwa anditumizire malowo pa foni. Tidzafukula mu Febuluwale.

Chomaliza, musawauze Bambo. Alongo anu mukuwadziwa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akutenga masampulo mumgodi. Akangomva abwera ndi kope lawo ndi wenzulo, inu mukhala wantchito m'munda mwanu momwe.

Ndine mwana wanu,
Alesi

*

Waverley, Kadoma
3 Okutobala 2023

Alesi mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndilipo, BP ikukwera ndi kutsika ngati kheji, chikepe cha mumgodi. Madzi a pampopi abwera kawiri mwezi wathawu, tinawalandira ngati alendo. Mlongo wako Pardon akadali ku Battlefields, kukorokoza golide m'maenje akale ndi anzake. Akuti zinthu zisintha posachedwa, monga ananenera chaka chatha.

Zoe anafika, anandipatsa masokosi amene unatumiza. Zikomo. Kenaka pakamwa pake panaterera, n'kunena kuti phukusi lalikulu lapita ku Chegutu. Masokosi kwa bambo, phukusi kwa azakhali. Loweruka ndinakwera kombi kukaona bondo la achemwali anga.

Bondo lili bwino. Lili bwino moti lakwanitsa kukhoma zikhomo makumi anayi m'mizere yoongoka, chilichonse ndi nambala yake. Theka la munda lafundidwa mapesi, ndi Felista amene chibadwire Seputembala sanamudutsepo osawotcha munda. Nditafunsa anati ndi tiyi. Nditafunsanso anavomera kuti anakutumizira malo pa foni.

Alesi, ine ndikaona zikhomo za manambala m'mizere ndimadziwa kuti munthu akutchinga malo a golide. Ndimadziwanso kuti masiku ano azungu amaona pansi pa nthaka ali kwawo, ndi makina awo a m'mlengalenga. Nditabwerera kunyumba ndinatulutsa zithunzi zako zonse. Pa china uli m'dzenje lofika m'khosi, fosholo m'manja, tochi pamphumi. Pa china wanyamula timatumba ta dothi ta manambala. Ndipo pa pepala lija unatumiza kuti tikunyadire, limene ndinaika m'feremu pabalaza, ndawerengapo mawu awiri amene ndimawadziwa bwino: amoniyamu ndi naitireti. Achemwali anga amawadziwa ngati feteleza. Ine ndimawadziwa ngati zimene tinkasakaniza ndi dizilo pophulitsa mwala. Munthu wokumba maenje paphiri lopanda munda alibe nazo ntchito za feteleza.

Sindikukwiya. Galu wamkota sakandira pachabe, basi. Ndingofuna kudziwa kuti ndi magalamu angati pa tani, komanso kuti ndinakulakwira chiyani kuti nkhani ya mwala ukauze mlimi wa maungu bambo ako ali moyo.

Ndine bambo ako,
Morrison Kamwendo

*

Chegutu
12 Okutobala 2023

Alesi,

Moni mwana wa mlongo wanga. Ine ndadzuka, bondo ladzukanso. Koma wandiputira mavu.

Bambo ako abwera kawiri. Ulendo wachiwiri anayenda munda wonse akuwerenga masitepe, anatapa dothi n'kulilawa, ine ndikuona. Ndinati, Morrison, ngati uli ndi njala nena ndikuphikire sadza. Anati ndimuuze zoona. Ndinati zoona ndi tiyi. Anandiyang'ana ngati ndinamubera mkazi.

Akuti anangouza Pardon yekha, monga nkhani ya m'banja. Pardon anangouza anzake atatu a m'dzenje, monga nkhani ya m'dzenje. Lamulungu kondakitala wa kombi anandifunsa kuti, gogo, mgodi wanu ukuyenda bwanji. Dzulo Pardon anabwera ndi anyamata aja ndi kamakina kawo kolira kakamva chitsulo. Kanalira kawiri. Anapeza khasu langa limene linatayika kalekale ndi chivindikiro cha poto. Akuti ndi chizindikiro chabwino.

Taona chilungamo cha amuna a m'banja muno. Zaka zinayi ndakhala ndikuwapempha kuti andikumbire chitsime pamkuyu paja kumunsi, ndisamatunge madzi kumjigo wa kusukulu ndi bondo ili. Analibe nthawi. Za golide nthawi yapezeka tsiku lomwelo.

Usaseke, Alesi, ine sindikuseka. Munda uwu sitinautole. Agogo ako anachokera ku Dedza wapansi, anafera m'komboni ya mgodi opanda ngakhale mzere umodzi wakuti uwu ndi wanga. Pogawa minda ankatiuza kuti ife ndife anthu opanda kwathu, tibwerere kumene sitinakuonepo. Ine ndi malemu mayi ako tinaima pa mizere ya maofesi zaka zisanu ndi chimodzi kuti tipeze maekala anayi awa. Munda wa tsidya la msewu uja unkaudziwa, wa mpendadzuwa? Kunangomveka mphekesera. Sabata imodzi makorokoza, okumba golide aja, anali atautembenuza. Lero ndi maenje okhaokha, ng'ombe ziwiri zinagweramo, ndipo golide sanapezeke.

Nanenso ndili ndi funso langa. Ka nambala 40 ndinakaphika kuti ndidziwe chimene ndikukwirira m'munda mwanga. Usadandaule, m'malo mwake ndinakwirira ka tiyi wanga wa m'nyumba. Tiyi wakoyo amakoma ngati madzi otsukira chisoso. Munthu wabwinobwino sangamwe, ndiye ndikuona kuti si tiyi wamba. Ngati ndi mankhwala a banja, nena. Zaka zako makumi atatu ndi zitatu si zochepa, ndipo ndikudziwa anthu kuno amene amaitha ntchitoyi kuposa azungu akowo.

Koma ngati ndi golide, ine sindimufuna. Ndikufuna chimanga changa. Mvula ili pafupi. Lembera bambo ako msanga.

Azakhali ako,
Felista

*

Kumunsi kwa phiri
27 Okutobala 2023

Okondedwa Bambo,

Moni, ndipo mankhwala a BP muzimwa tsiku lililonse, osati tsiku limene mwawakumbukira. Mphepo inatitsekera kuphiri, ndangotsika lero n'kupeza kalata yanu ndi ya Azakhali. Ndinayamba ndaseka. Nditafika pa munda wa mpendadzuwa ndinaleka.

Pepani kuti ndinakubisirani. Kulakwa ndi kwanga. Koma golide kulibe, Bambo, kuno kapena ku Chegutu. Ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Dzenje la pachithunzi si la m'nthaka, ndi la m'chipale. Ndimakumba kuti ndifike pa dothi. Tochi ya pamphumi ndi chifukwa chakuti mu Disembala dzuwa kuno limapita kutchuthi. Tsono ndikafika pansi ndimapeza zodabwitsa. Kunja kumazizira kuposa m'furiji ya butchala, mamina amauma asanatuluke. Koma pansi pa chipale chofika m'chiuno, dothi silimauma gwa. Chipale chimagwira mpweya mkati mwake ngati bulangete, n'kusunga kutentha kochepa kumene nthaka inatsala nako. Pa mitunda pamene mphepo imasesa chipale, dothi limauma ngati mwala ndipo zonse zimaima.

Pansi pa bulangetelo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, miyandamiyanda. Dzinja lonse lozizira timagwira shifiti mumdima, monga inu kale, kudya masamba akufa ndi kutulutsamo nayitirojeni. Wambiri timamusunga m'matupi mwathu... pepani, m'matupi mwawo, mwaona ndayamba kudziwerengera nawo. Chipale chikasungunuka, tambiri timafa, chakudya chija n'kutayikira m'nthaka nthawi imodzi. Zomera zili ndi masabata ngati khumi okha kuti zimere, zichite maluwa, zibale. Zina zimayamba kuyamwa ndi mizu chipale chisanathe n'komwe. Ife timamanga timipanda kuti chipale chiunjikane pena, pena chichepe, n'kuyerekeza. Timatumba ta pachithunzi tija timagwira amoniyamu ndi naitireti amene akuyenda m'dothi. Zonse zimene ndimasonkhanitsa chaka chathunthu sizingadzaze supuni, sizingaphulitse ngakhale chitini cha matemba.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi ichi: dziko likutentha, kumalo ena chipale chikubwera mochedwa ndiponso chochepa. Bulangete likapyapyala, nthaka imazizira kuposa kale, tizilombo tija timafooka, zomera zimadzuka kulibe chakudya.

Mapesi a kwa Azakhali ndi nzeru yomweyo. Kwathu mdani ndi dzuwa, osati kuzizira, koma nthaka yofunda ndi yosafunda sizifanana. Ndinkafuna kuona ngati angachepetseko feteleza. Ndi zokhazo.

Chonde muuzeni Pardon achotse anthu ake.

Mwana wanu,
Alesi

*

Waverley, Kadoma
31 Okutobala 2023

Alesi,

Ndalandira. Masamba atatu, kutsogolo ndi kumbuyo. Mwini takishopu amene amandisindikizira makalata anafunsa ngati ndi wilo.

Ndawerenga kawiri. Ukuti madzi oundana amafunditsa nthaka kuti isazizire. Ukutinso dziko likatentha nthaka imazizira. Mwana wanga, ndinakutumiza kusukulu zaka zonsezi kuti ukafuna kunama uziname bwino kuposa apa.

Ndikuuze chimene ndinaphunzira pa ntchito. Mzungu wa miyala akabwera kudzaona malo opanda kanthu, ankangoti "aikona", ndiye kuti ayi, n'kukwera galimoto. Koma malo akakhala ndi golide, ankatisonkhanitsa n'kufotokoza kwa ola lathunthu kuti palibe chilichonse, kuti akungoyeza madzi, kuti akungowerenga mitengo. Mawu akachuluka pansi pali kanthu. Iwe walemba masamba atatu.

Komabe pali chimene sichikundikondweretsa. Dzulo ndinali ku Chegutu. Pampanda wa munda pamangidwa misasa ya mapepala akuda. Ndinawerenga amuna khumi ndi anayi, ndipo amene ndikuwadziwa ndi anayi okha. Wina anandipatsa moni kuti "bwana". Felista sanandipatse mpando. Akugona masana, akuti usiku amamvetsera makasu.

Ine sindinaitane anthu amenewa. Ndinangouza mwana wanga. Nkhanga zinapangana kusanapse, inu awiri munapangana popanda ine, lero taonani. Ukanandiuza poyamba, tikanakumba mwaulemu, dzenje limodzi, lomangidwa bwino. Nena nambala ya chikhomo, zinthu zisanafike poipa.

Bambo ako,
Morrison

*

Chegutu
1 Novembala 2023

Sisi,

Makadii. Chichewa changa mukuchidziwa, ndiye ndilemba pang'ono.

Ine sindikufuna munda wa tete uwonongeke. Koma anyamata sindingathe kuwagwiranso. Wamkulu wawo tsopano si ine, ndi Elliot, ndipo Elliot samva za tete wa munthu. Akuti Loweruka ayamba. Mukatipatsa nambala imodzi, tikumba pomwepo, kwina konse sitikhudza, ndalumbira. Mukakana, akumba zikhomo zonse fote kufuna okha. Mari yanu tikusungirani gawo lanu, palibe amene akuberani.

Musanditumizire za tizilombo, mudhara anandiwerengera kale.

Pardon

*

Kumunsi kwa phiri
1 Novembala 2023

Bambo,

Aikona.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi munandiuza kuti pakamwa pa munthu si sampulo. Ndiye musandikhulupirire. Mbale yanu yotsukira golide ili pamwamba pa wadiropu. Kayezeni nokha, zikhomo zonse, anthu akuona, Loweruka lisanafike. Pardon sindimupatsa nambala chifukwa nambala palibe.

Mawa ndikukwera phiri.

Alesi

*

Chegutu
19 Novembala 2023

Alesi mwana wanga,

Ndikhulupirira unakwera bwino ndipo watsika bwino. Ndikulemba ndili kwa achemwali anga, kumene ndakhala masabata awiri ndi theka. Iyi ndi lipoti.

Kalata yako yayifupi ija inandisowetsa mtendere kuposa yayitali. Lachinayi m'mawa ndinatsitsa mbale. Pardon anatunga migolo iwiri kumjigo wa kusukulu, ndipo anabwera akudandaula kuti ndi kutali. Felista anati, wadziwa liti?

Ndinatsuka dothi la pa chikhomo chilichonse, lapamwamba ndi lapansi, anthu khumi ndi anayi atandizungulira akundipumira m'khosi. Masiku awiri. Dzanja langa silinaiwale ntchito, golide wochepa ngati dzira la nsabwe sangandidutse. Sindinaone ngakhale kanyenyeswa kamodzi. Pa chikhomo cha 12 fosholo inakoka kathumba. Ndinakatsegula pakona n'kununkhiza. Tiyi.

Lachisanu madzulo ndinawauza kuti munda uno mulibe kanthu, ndipo ndikunena ndine Kamwendo wa masampulo, akafunse ku Battlefields. Elliot uja anaseka. Anati, mudhara, ngati mulibe kanthu, mwatulukiranji thukuta masiku awiri? Anati munthu akalimbikira kukana ndiye kuti pansi pali kanthu. Ndinamva mawu anga akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo sanakome.

Loweruka anayamba. Pofika masana anali atadula ngalande zitatu kumunsi kwa munda, zofika m'chifuwa, dothi lofiira lapansi akuliponya pamwamba pa lakuda. Zikhomo 25 mpaka 38 zinapita ndi timatumba take. Felista anaima pakati pa mapesi ake atagwira khasu. Apolisi tinawauza, anati galimoto ilibe mafuta.

Lamulungu m'mawa, iwo akuphika sadza pamisasa yawo, ndinatenga mbale n'kupita pamkuyu paja. Ndinawafulatira, koma ndinaonetsetsa kuti akundiona. Ndinatsuka mbale imodzi, n'kuiyang'ana nthawi yayitali, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kukhuthula msanga. Ndinakwirira malowo ndi mapesi. Kenaka ndinauza Felista mokweza pang'ono kuti, achemwali, kwina konse akumbe, koma pano pokha asakhudze.

Uone kuti sindinaname. Sindinatchule golide.

Sadza anaisiya pamoto. Onse khumi ndi anayi anasamukira pamkuyu. Ndinawaletsa kawiri kuti alimbikire. Ndinawalangizanso kuti dzenje likhale lozungulira ndi lomangidwa m'mbali, chifukwa mwala wabwino umakhala pansi kwambiri. Kunena zoona anyamatawo ntchito amaidziwa. Tsiku lachisanu ndi chinayi, pa mamita khumi ndi limodzi, anakumana ndi madzi. Elliot anatuluka atanyowa mpaka m'khwapa, n'kunditchula maina amene sindinawamvepo chichokereni mumgodi. Mawa lake kunamveka kuti kwina kupitirira Battlefields kwaphulika golide, ndipo anapita osatsanzika.

Pardon sanapite nawo. Felista anamupatsa fosholo, akukwirira ngalande. Koma dothi labwino lapita pansi, ndipo chigawo chimenecho sichibala chaka chino, mwina ndi chamawa. Ndi pafupifupi theka la ekala. Malemu mayi ako ankadzala nzama pamenepo. Ndikudziwa amene anayambitsa.

Tsopano za ntchito yako. Ili ndi zolakwika. Sunaike sampulo yobwereza. Sunalembe tsiku pa zikhomo. Ndipo nambala 40 ndi tiyi wa kugolosale, wolakwa waulula yekha. Ka 12 ndinakasoka n'kukabwezera, koma ukalembe kuti kanatsegulidwa. Ndatsegula kope, ndikulemba mvula iliyonse. Yoyamba inagwa pa 14, tadzala pa 16.

Felista anandionetsa kalata yako yoyamba ija. Za wenzulo si zoona. Unatayika mu 2009.

Bambo ako,
Morrison Kamwendo

*

Chegutu
24 Febuluwale 2024

Alesi,

Moni mwana wathu. Makalata ako a Khirisimasi ndi a Januwale tinalandira, ndi kupepesa kwako konse. Kwakwana, usapepesenso, mapepala akudula. Bondo lili bwino kwambiri chifukwa madzi tsopano ali masitepe makumi atatu kuchokera pakhomo. Ndadzala repu ndi matimati pamkuyu. Azimayi a kutchalitchi akufunsa kuti akatswiri okumba chitsime ndinawapeza kuti, ndimawauza kuti amabwera okha, koma sindingawafunire munthu.

Unanena zoona kuti ndidzakhala wantchito m'munda mwanga. Bambo ako amabwera Lachiwiri lililonse ndi kope lawo kudzandiuza kuti ndaponda pa sampulo. Wenzulo anagula wina.

Tinafukula Lolemba lapitali. Tatsala timatumba makumi awiri ndi kasanu ndi kamodzi, kuwerengera kanga kaja. Bambo ako anatiyanika pa lichero masiku atatu, ataletsa nkhuku, ine ndi mphepo kuyandikira. Anapima pa kasikelo ka Pardon ka golide. Pardon akuti chigulire kasikeloko sikanagwirepo ntchito tsiku lathunthu ngati limenelo. Manambala onse ali m'kope, Mai Takudzwa akujambulira. Ine ndingokuuza zimene ndinaona ndi maso: ta pansi pa mapesi tinatuluka topepuka, tiyi atadyedwa, ta kowotcha tinatuluka ngati tangochoka m'sitolo. Mvula inadula masabata atatu mu Januwale. Chimanga cha kumunsi chinapota masamba, cha m'mapesi chinaima chobiriwira, feteleza ndinathira wofanana. Chiswe chachuluka, ndipo mbewa chaka chino ndinachita kugula ngati mlendo. Izo uzilembenso m'buku lakolo.

Pamene panali ngalande chimanga ndi chachikasu, cholekeza m'mawondo. Bambo ako akadutsa pamenepo amayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Mawu akuti pepani sanatuluke, ndipo sindikuwadikira, ndinamulera ndine. Koma anapanga chivindikiro cha chitsime ndi manja ake, ndipo mwezi wathawu ndinamupeza akutuma Pardon kuti akatute manyowa a ng'ombe adzathire pa ngalande zija. Akuti mukakolola muyalepo mapesi ochindikala, tizilombo tiyambe shifiti. Ananena ngati nzeru ndi yake.

A Thanthwe akubwera kumeneko mwezi wamawa kudzaona Zoe. Tawapatsira phukusi lako. Muli ufa wa mawere, nsalu imodzi, ndi chinthu china cholemera chimene bambo ako anakulunga okha. Akufuna kulemba pansipa, akundilanda cholembera.

Azakhali ako,
Felista

Alesi, ndine. M'phukusimo muli mbale yanga. Ndinaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, Pardon wandipempha kasanu ndinamukaniza. Za bulangete la madzi oundana ndavomera, popeza manambala a mapesi atuluka monga unanenera. Koma poti ukukumba kale mpaka kufika pa dothi, ndipo phirilo ukuti palibe amene analiyezapo, uzitapako pang'ono n'kutsuka m'mbalemo chipale chikasungunuka. Sindikunena kanthu. Ukaona chilichonse, usauze azakhali ako, usauze Pardon. Ndipo nditaganiza bwino, usandiuzenso ine.

M. K.